Pakhomo Pobisika Saodirapo

Lolemba lapitali kunabwera alamu anga kuchokera ku Majaua. Dzina lawo ndi a Aginesi, mkazi wa malemu mng'ono wanga. Anatsika shapa ya m'mawa, minibasi ya kuno ija, thumba la nyemba pamutu, n'kulunjika pamthunzi pomwe ndimakonzera njinga kuseri kwa msika.

Njinga yawo inali kwa ine milungu itatu. Ndinaimangira masipoko atsopano, ndinasintha mabuleki, kumbuyo ndinaika kaliyala yolimba yoti pazikhala dengu. Ndinaipukuta n'kuiimika pakhoma. Ndinkayembekeza kuti aiyamikira.

Anangoiponyera diso n'kukhala pa benchi.

"Alamu, njingayo musavutike nayonso. Mukapeza woifuna, gulitsani."

"Chavuta n'chiyani?"

"Andichotsa."

"Ndani?"

"Foni."

Owerenga danga lino mukundidziwa. Sindine munthu wa mawu ambiri. Sukulu ndinalekeza kalasi yachinayi, zotsalazo ndinaphunzira ndi sipanala m'manja. Koma zoti foni ichotse munthu, ndinafuna ndizimve bwino.

Nkhani yake ndi iyi. Chaka chilichonse chitopa chimasesa nkhuku kumudzi kwawo. Chaka chatha a Aginesi khola linali lodzaza. Chitopa chitadutsa zinatsala ziwiri, ndi tambala mmodzi wopindika khosi amene mpaka lero amayenda ngati akusuzumira kumwamba. Nkhuku kwa mayi wamasiye si ndiwo chabe. Ndi yunifolomu ya mwana, ndi ulendo wa kuchipatala.

Katemera alipo. Dontho limodzi m'diso la nkhuku, basi. Koma botololo sapatsa munthu chisawawa. Uyenera kuphunzira kanyamulidwe kake, kudziwa nkhuku yodwala kale, kudziwa tsiku loti botolo lotsegula ulitaye. Gulu la alimi la kumudzi kwawo linakhala pansi n'kusankha a Aginesi kuti akhale wotemera wawo. Njinga ija inali yoti aziyendera pa ntchito imeneyo.

Kale maphunziro otere ankachitikira kuno ku Milange. Munthu ankasiya munda masiku atatu, kudzagona pamkeka wa abale. Tsopano akuchitikira pa foni. Timakanema tisanu ndi titatu, mafunso kumapeto, kenako tsiku limodzi logwira nkhuku pamaso pa mlangizi. Tsiku limenelo linali Loweruka. Wosamaliza pofika Loweruka salandira botolo ulendo uno, ndipo mudzi wake udikira miyezi inayi. Chitopa sichidziwa kudikira.

A Aginesi analembetsa monga anawauzira. Dzina, nambala ya foni. Atalowa anapeza tsamba loyera mbee, pakati pake mawu atatu a Chipwitikizi: Nenhum curso disponível. Ndiye kuti palibe maphunziro alionse pano.

Mawa lake anakweranso pa chulu chomwe amagwirirapo netiweki. Chimodzimodzi. Mkuja, chimodzimodzi. Mayi wina wa mudzi woyandikana, woimirira pa chulu chomwecho, foni yake inali kuyankhula za nkhuku, ali kale pa phunziro lachisanu. Masiku khumi ndi limodzi anatha choncho.

"Munafunsa?" ndinatero.

"Ndikafunse chiyani, alamu? Mnzanga akuona, ine sindikuona. Ndiye kuti dzina langa analifufuta. Mwina anaganiza kuti mayi wopanda mwamuna sangathe."

"Anakuuzani ndani?"

"Zoterezi amachita kuuza munthu?"

Ndinatseka bokosi la zipangizo. Ndinati tiyeni.

Ofesi ya bungwe lomwe likuyendetsa maphunzirowa siili patali. Mlangizi wake ndi Dona Odete, mayi wachitsikana wa kumbali ya Mocuba. Chilomwe ndi Chipwitikizi amayankhula ngati madzi, Chinyanja akuchiphunzirabe. Anatipatsa mipando, anamvetsera, anatsegula kompyuta.

"Aginesi, Aginesi," anali kutero akutsitsa mndandanda. "Mulibe, papa. Kumudzi umenewo ndili ndi dzina limodzi lokha, Inês. Ndipo Inês ameneyo wandikhumudwitsa. Sanalowepo n'kamodzi komwe. Ndamuimbira katatu, nambala siipezeka. Ndimati mawa ndimufufute."

A Aginesi anayang'ana pansi, kenako anayankhula motsitsa.

"Inêsyo ndine."

Dona Odete anasiya kompyuta n'kuwayang'ana.

Inu a kuno mwadziwa kale chimene chinachitika. Kwa a kutali ndifotokoze. Alamu angawa anabadwira kumsasa wa othawa nkhondo, kutsidya ku Malawi. Wansembe wa kumeneko anawabatiza Aginesi. Mtendere utabwera tinabwerera kwathu, ndipo wolemba zitupa anati Aginesi m'Chipwitikizi ndi Inês, woyera wake ndi yemweyo. Analemba Inês. Bilyeti, chitupa chaunzika chija, chimakhala m'chitini pansi pa bedi. Palibe amene anawaitanapo dzina limenelo, ngakhale malemu mwamuna wawo.

Wapampando wa gulu la alimi potumiza dzina anakopera za pa bilyeti, n'kuwonjezera nambala ya kuno ku Mozambique. Koma pa chulu cha kumudzi kwawo netiweki yogwira bwino ndi ya kutsidya kwa mtsinje wa Ruo, ku Malawi. Simu ya kuno a Aginesi amaisunga yokulunga m'kapepala kuseri kwa foni, amaiika akabwera ku boma. Polembetsa analemba dzina lomwe amalidziwa ndi nambala yomwe imagwira.

Choncho kompyuta inaona anthu awiri. Inês woitanidwa amene sakubwera, ndi Aginesi wobwera amene sanaitanidwe.

"Ndiye ndinu anthu awiri?" anatero Dona Odete.

"Nkhuku zimandidziwa mmodzi," anayankha alamu.

Ndinamuuza mlangiziyo kuti asadabwe. Kuno kumalire ambiri tili awiriawiri. Ine pa bilyeti ndine João, ndikaoloka ku Muloza ndine Joni, mkazi wanga akakwiya ndine Yohane. Anaseka mpaka anagwira pakamwa. Kukonza kwake sikunatenge nthawi yopopa tayala limodzi. A Aginesi atayang'ana pa foni, tsamba loyera lija linali ndi chithunzi cha nkhuku.

Tikanatha kunyamuka pomwepo. Koma ine mtima unali usanatsike.

"Mayi, dikirani. N'chifukwa chiyani tsambalo linali loyera?"

Anatembenuza kompyuta kuti ndione. Pambali pa dzina la maphunziro panali kachithunzi ka diso, kodulidwa ndi mzere. Anati mwini maphunziro amasankha pa zinthu zitatu. Akhoza kutsegula kuti aliyense aone ndi kulowa. Akhoza kusiya dzina la maphunziro likuoneka kwa onse, koma olowa akhale olembedwa okha. Kapena akhoza kutsinzinitsa disolo, ndiye wosalembedwa saona kanthu, ngakhale dzina. Iye anasankha chachitatu.

"Bwanji?"

Apa nkhope yake inasintha. Anati ulendo watha anasiya potsegula. Bambo wina, amene sanamutchule dzina, anaonera timakanema tiwiri n'kudziyesa dokotala. Anapeza botolo kwinakwake, analiyendetsa m'thumba la malaya dzuwa likuswa mtengo, n'kumadonthezera nkhuku zimene zinali zitayamba kale kuodzera. Zinafa. Mudzi wonse unati katemera ndiye wapha. Mpaka lero mudzi umenewo akamuona akubwera pa njinga yamoto amatsekera nkhuku m'nyumba.

"Ndinalumbira, papa. Ndinati ulendo uno palibe wolowa chilowelowe."

Sindinamutsutse. Inenso sindipereka njinga yopanda mabuleki, ngakhale mwini wake alire kuti akuthamangira maliro. Pali zinthu zofunika loko. Phunziro losamalizidwa kukonza libisike mpaka litapsa. Mafunso a mayeso abisike. Botolo la katemera lisagwidwe ndi aliyense amene ali ndi foni. Amene akuti zonse zikhale potsegula sanaikepo nkhuku makumi atatu m'dzenje limodzi.

Koma kutseka ndi kubisa n'zosiyana. Ndi zimene ndinamuuza.

Kwathu kuno ukafika pakhomo pa munthu n'kupeza chitseko chotseka, subwerera. Umaima pabwalo n'kunena kuti odi. Mwini wake akhoza kukulandira, akhoza kukuuza kuti ubwere mawa, akhoza kukuuza kuti wasochera, nyumba imene ukufuna ndi iyo. Zonsezo ndi mayankho. Chitseko chotseka chimakuuza kuti pano pali nyumba, ndipo m'katimo muli munthu.

Nanga ukafika n'kupeza bwalo losesa, lopanda nyumba, pomwe mnzako akukuuza kuti iye ali m'kati akumwa tiyi? Uodira kuti? Umayamba kudzikayikira wekha. Umati mwina maso anga, mwina foni yanga ndi yachabe, mwina anthu ake si ife.

Dona Odete anamva, koma sanagonje msanga.

"Ndikatsegula diso limeneli, papa, foni yanga izilira tsiku lonse."

"Izilira. Ntchito yake ndi imeneyo."

"Inu simudziwa anthu. Adzandifunsa za mbuzi, za feteleza, za mwana wofuna ntchito."

"Ine amandifunsa za wailesi, ndine wa njinga. Ndimawalozera kwa wa wailesi. Sindinafe nazo."

Dona Odete anayang'ana a Aginesi. Ndikuganiza kuti ankawerenga m'mutu kuti mawa lake akanafufuta munthu amene anakwera chulu masiku khumi ndi limodzi. Kenako anagwira kachithunzi kaja. Mzere unachoka, diso linapenya. Loko anasiya pomwepo, olowa akhalebe olembedwa okha.

Anati pansi pa dzina la maphunziro pali malo olembapo mawu, ndipo akufuna alembe m'Chinyanja. Chinyanja chake chinatuluka chopindika ngati khosi la tambala uja, a Aginesi n'kumachiwongola. Pomaliza panalembedwa kuti: Maphunziro a otemera nkhuku. Olowa ndi amene anasankhidwa ndi gulu la alimi. Ngati munasankhidwa koma pakukanika, odirani pa nambala iyi, ndipo tchulani mayina anu onse.

"Odirani ndiye kuti chiyani?" anafunsa.

"Ndi dá licença wa kwanu uja," anatero alamu. "Koma wathuyu amadikira yankho."

Tsopano ndilankhule ndi ife eni ake, chifukwa mlandu suli kwa a Odete okha.

Masiku khumi ndi limodzi osafunsa. Pa msewu pobwerera ndinafuna kuwakalipira alamu anga. Koma ndinaleka, chifukwa ndinakumbukira komwe khalidweli tinalitenga.

Kumsasa kuja tinkaima pamzere, munthu wa mndandanda n'kumaitana mayina. Dzina lako likapanda kumveka, unkatenga thumba lako lopanda kanthu n'kubwerera mwakachetechete. Wofunsafunsa ankaoneka wovuta, ndipo tinkaopa kuoneka ovuta m'dziko la eni. Tinaphunzira kuti mndandanda sulakwa, wolakwa ndi iwe. A Aginesi nthawi imeneyo anali kumsana kwa mayi awo. Pamzerepo sanaimepo. Koma khalidwelo analiyamwa kwa ife.

Nkhondo inatha kalekale. Msasa unaphwasuka, pamalopo anthu akulima. Ife bwanji tikuimabe pamzere uja?

Akulu anati safunsa anadya phula. Tsamba loyera pa foni si chigamulo. Kawirikawiri kuseri kwake kulibe munthu amene wakuda. Kuli mtsikana wotopa wa ku Mocuba amene wakuimbira katatu pa simu yomwe waikulunga m'kapepala. Iye akuti Inês ndi waulesi, iwe ukuti bungwe ndi latsankho, chitopa chili m'njira.

Ndipo si za nkhuku zokha. Masiku ano maphunziro ambiri akusamukira m'foni. Akatekisiti a kuparishi kwathu akuphunzira momwemo. Mwana wa mnansi wanga, amene ndi namwino, akuwonjezera sukulu yake momwemo. Ine poyamba ndinkati foni ndi yoonera mpira ndi kunamizana. Ndabweza mawu. Mayi wamasiye wa ku Majaua kuphunzira za katemera ataima pa chulu, osasiya munda, osasiya ana, bambo anga akanamva akanati ndaledzera. Chinthuchi n'chabwino. N'chifukwa chake chikundipweteka chikamabisika kwa eni ake.

Inu amene mumagwira kadiso kaja, kaya muli ku Quelimane, kaya ku Maputo, kaya pompano pa boma, ndikufunseni. Mukamatsinzinitsa diso, mumayamba mwaona tsamba limene munthu wakunja aone? Munabwerekapo foni ya mlimi n'kulowa ngati iye? Mndandanda wanu ukudziwa kuti kuno munthu mmodzi amayenda ndi mayina awiri ndi masimu awiri, osati chifukwa cha ukathyali, koma chifukwa cha mtsinje ndi nkhondo?

Sindikupempha kuti muchotse loko. Ndikupempha chitseko chioneke, ndipo pakhale munthu woyankha odi.

Lachinayi Dona Odete anaima pamthunzi panga kudzapopetsa tayala la njinga yake yamoto. Ndisanafunse anayamba yekha.

"Papa João, mwandiputira ntchito."

"Aodira angati?"

"Anayi."

Awiri anali ngati alamu anga, osankhidwa bwinobwino koma olembedwa mayina a m'chitini. Mmodzi wa iwo anali atauza kale mudzi wake kuti usayembekezere katemera chaka chino. Wachitatu sanasankhidwe ndi gulu lililonse, anangoona dzina la maphunziro n'kufuna. Anamulemba pambali kuti ulendo wamawa akayambe wakambirana ndi alimi anzake. Wachinayi ankafuna kudziwa ngati dontholo limagwiranso abakha.

"Munamuyankha?"

"Ndinamuyankha. Kenako anandifunsa za mbuzi."

Ankadandaula, koma mano onse ali panja.

A Aginesi sanabwerere ku Majaua mlungu umenewo. Anakhala kwathu, poti kuno netiweki sichita kukwerera chulu. Maphunziro a milungu iwiri anawapanikiza m'masiku anayi. Mkazi wanga anadzisandutsa woyang'anira mayeso, n'kumawafunsa mafunso akusenda chinangwa. Thadzi lathu lakuda ndilo linavutika. Analigwira kambirimbiri, kulipendeketsa mutu, kulidonthezera madzi oyera m'diso, mpaka likangoona chitenje chawo limathawira kuseri kwa bafa.

Lachisanu anayankha mafunso a pa foni. Anaphonya limodzi. Loweruka anagwira nkhuku pamaso pa Dona Odete pamodzi ndi anzawo, awiri aja ali pomwepo. Ine ndinapita kukaperekeza njinga, si kuti ndinkafuna kuonerera.

Pomaliza mlangizi anatulutsa mapepala a umboni kuti alembe mayina. Atafika pa alamu anga anaimitsa cholembera.

"Mana, mchemwali wanga, ndilembe liti? Inês kapena Aginesi?"

"Lembani onse awiri," anatero. "Wina akadwala, winayo azikatemera."

Njinga ija sindinagulitse. Tinaikweza pamwamba pa shapa ya masana, dengu lomangirira kale pa kaliyala, m'kati mwake kansalu koti azikanyowetsa pokulunga botolo. Nyemba anandisiyira theka. Ndinakana, anandiyang'ana, ndinalandira.

Atatu apezeka chifukwa mzere umodzi unachoka pa kadiso. Sindikudziwa kuti ndi angati ena, m'maphunziro ena, amene m'mawa uno akwera chulu, aona tsamba loyera, atsika osauza munthu.

Ngati ndinu mmodzi wa iwo, pitani mukaodire, ndipo mukatchule mayina anu onse.

Ngati ndinu mwini chitseko, tsegulani kompyuta yanu lero muyang'ane kadiso kaja. Kakupenya, kapena katsinzina? Ndipo amene mukuti ndi waulesi chifukwa sanalowepo, mwatsimikiza kuti sali pabwalo panu pomwepo, akufunafuna poodira?